Kupsetsa zipatso zogulitsa: dzuwa, kuvundika, utsi kapena mankhwala?

Pamsika munthu amayamba kugula ndi maso. Tomato wofiira psuu amatha m'mawa, wotuwira amagonera pabenchi. Nthochi zachikasu zimapita, zobiriwira anthu amangozidina ndi chala n'kudutsa ngakhale m'kati zitafewa kale. Ndiye mlimi aliyense ndi venda aliyense ali ndi kanjira kake kofulumizitsira mtundu. Wina amavundika, wina amafukiza, wina anamva za mankhwala. Koma njira zimenezi sizigwira ntchito imodzi, ndipo imene imathandiza pa nthochi ikhoza kungokhala kutaya ndalama pa malalanje. Musanasankhe, ndi bwino kudziwa kaye chimene chimasintha mtundu wa chipatso.

Mtundu umachokera kuti

Chipatso chosapsa chimabiriwira chifukwa cha chlorophyll, utoto womwe uja uli m'masamba. Pakupsa, chlorophyll amaphwanyika ndipo utoto wina umaonekera. Utoto winawu uli m'magulu awiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Gulu loyamba ndi la carotenoid. Muli lycopene amene amafiiritsa tomato ndi mavwende, ndi carotene amene amapatsa mango chikasu cha m'kati. Pa nthochi, chikasu chimakhala chilimo kale m'khungu, chimangodikira kuti kubiriwira kuchoke. Mu tomato, nthochi, mango, mapeyala, mapapaya ndi magwafa, woyambitsa zonsezi ndi homoni (chinthu chimene chimalamula zochitika m'thupi la chomera) ya mpweya yotchedwa ethylene, imene chipatso chimatulutsa chokha chikakhwima. Dimitry Neljubow wa ku Russia anaona mu 1901 kuti mpweyawu, womwe unkapezeka mu gasi wounikira, unkapinditsa mbande za nsawawa, ndipo mu 1934 Richard Gane wa ku Britain anatsimikiza kuti maapozi amaupanga okha. Ukangoyamba kutuluka pang'ono, chipatso chimapanga wambiri, ndipo poti ndi mpweya umafika pa chipatso choyandikana nacho n'kuchiyambitsanso.

Gulu lachiwiri ndi anthocyanin, kufiira kuja kwa patsaya la mango a Tommy Atkins ndi Kent, kwa maapozi, mphesa zakuda ndi sitiroberi. Pa mango ndi maapozi utoto uwu umafuna dzuwa lifike pakhungu penipenipo chipatso chidakali mumtengo. Mbali yoyang'ana dzuwa imafiira, ya kumthunzi imakhala momwemo. Usiku wozizira umauchulukitsa, kutentha kwambiri kumauchepetsa. Palibe dengu kapena botolo la mankhwala limene lingaike tsaya lofiira pa mango amene anakulira m'kati mwa masamba.

Palinso zipatso zimene sizitsekemera kuposa momwe zinalili pozithyola: malalanje, manachesi, mandimu, zinanazi, mphesa, mavwende ndi sitiroberi. Mu mphesa ndi sitiroberi, homoni imene imatsogolera kupsa ndi abscisic acid, ndipo mu sitiroberi tinjere ta pakhungu timatulutsa auxin imene imachedwetsa kufiira mpaka itachepa. Mu malalanje, gibberellin imasunga khungu lobiriwira, n'chifukwa chake alimi ena akunja amaipopera dala kuti khungu lisakalambe msanga. Malalanje ndi zinanazi mukhoza kuzisintha khungu ndi ethylene, koma shuga wa m'kati sawonjezeka ngakhale pang'ono.

Pamwamba pa zonsezi pali kutentha, kumene ambiri saganizira. Tomato amapanga lycopene bwino pa madigiri 20 mpaka 25. Kukapitirira madigiri 30, lycopene amasiya kupangika pamene carotene akupitirira, tomato n'kutuluka wachikasu kapena wofiirira chabe. Ndi zimene alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Mangochi amaona mu Okutobala ndi Novembala. Nthochi za mtundu wa Cavendish, monga kabuthu ndi Williams, zikamapsera pamalo otentha kuposa madigiri 25 zimafewa n'kutsekemera khungu lidakali lobiriwira. Malalanje nawo amafuna usiku wozizira kuti asinthe, moti kumalo otentha lalanje lokoma kwambiri likhoza kukhala lobiriwira mpaka kulidya.

Zoyamba kudzifunsa

Funso loyamba ndi loti chipatso chanu chili m'gulu liti, la zopsa zikathyoledwa kapena ayi. Lachiwiri, mtundu umene mukuufunawo ndi wa ethylene kapena wa dzuwa. Lachitatu, ndipo ili ndi lalikulu, chakhwima kodi? Njira zonse zimene zili m'munsimu zimangoyambitsa kupsa, sizikhwimitsa. Nthochi yokhwima imataya ngodya zake n'kubulungira. Mango okhwima amadzaza mapewa pafupi ndi phesi, ndipo mukadula amodzi mnofu wapafupi ndi njere umakhala utayamba chikasu. Tomato wobiriwira koma wokhwima mukamudula, njere zimathawa mpeni chifukwa madzi ake agwirana ngati phala. Wanthete mpeni umadula njere zomwe. Peyala lanthete limangofota, kukwinyika n'kuwawa. Lachinayi, pamalo pamene zipatso zikhale pakutentha motani masana?

Mukayankha zimenezi, njira iliyonse iyesedwe pa zinthu zinayi: ndalama zimene ikudyereni, kupezeka kwake, chisamaliro chimene ifune, ndi zoopsa zake kwa inu, kwa wogula ndi kwa katundu.

1. Kusiya mumtengo ndi kutsegulira dzuwa

Iyi ndi njira yokhayo imene imabweretsa tsaya lofiira, ndipo ndi yokhayo imene imawonjezera shuga pa malalanje, zinanazi ndi sitiroberi. Pa mango kumatanthauza kudulira nthambi za pakati mukatha kukolola kuti mtengo usakhale chigulu cha masamba, kenako kuchotsa timasamba tochepa tophimba zipatso kutatsala milungu ingapo kuti muthyole. Alimi a maapozi a ku Aomori ku Japan amafika poveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala, n'kukavula pafupi ndi kukolola, kuyala zonyezimira pansi ndi kutembenuza apozi pamanja kuti mbali zonse zione dzuwa. Ife sitingafike pamenepo, koma mfundo ndi yomweyo.

Ndalama: Sowo, sizasi yodulira ndi aganyu. Ndalama yaikulu ndi yobisika, ndiyo zipatso zimene mutaye podikira.

Kupezeka: Kwa aliyense amene ali ndi mtengo. Venda wogula kale zothyola njira iyi yamudutsa.

Chisamaliro: Kudulira ndi ntchito ya chaka ndi chaka, ndipo feteleza amalowererapo. Nitrogen wochuluka, wa Urea kapena CAN wothiridwa mochedwa, amachulukitsa masamba ndi kuchedwetsa kuchoka kwa kubiriwira. Potassium ndi amene amathandiza tomato kufiira mofanana, koma feteleza wa 23:21:0+4S amene kale ambiri ankatsala naye kuchokera ku chimanga alibe potassium konse, ziro ya pachitatuyo ikunena zimenezo. D compound ndi phulusa la nkhuni zili naye.

Zoopsa: Ntchentche za zipatso zimaikira mazira m'mango ndi magwafa akayamba kufewa. Onjezani mbalame, anyani, akuba ndi mvula yong'ambula tomato. Koma cholakwa chimene chafala ndi kuchita ndi tomato zimene zimayenera mango. Tomato safuna dzuwa kuti afiire, amafiira ngakhale mumdima. Kuwala kumawonjezera lycopene pang'ono, inde, koma tomato woonekera dzuwa la Okutobala amatentha kuposa mpweya womuzungulira, amapsa chigamba choyera mbali imodzi ndipo mapewa amakhala achikasu. Wothothola masamba a tomato m'chilimwe kuti dzuwa lilowe akudziwonongera yekha. Kumbukiraninso kuti tsaya lofiira si chizindikiro cha kupsa: Tommy Atkins amafiira adakali gwa, pamene mango a Keitt amatha kupsa adakali obiriwira. Ndipo mapeyala sapsa mumtengo ngakhale mutadikira bwanji.

2. Kuvundika

Njira ya makolo, ndipo kwa ine ndi imene imaposa zinzake pa katundu wochepa. Mumasonkhanitsa zipatso m'dengu, m'katoni kapena m'thumba la chiguduli, n'kuphimba ndi masamba a nthochi, udzu wouma kapena nyuzipepala. Chimene chikuchitika n'chakuti ethylene amene zipatso zikutulutsa sakuthawa ndi mphepo. Mukaikamo chipatso chakupsa kale, mwafupikitsa masiku. Nthochi zakupsa zimathandiza, mapeyala akupsa ndi maapozi amaposa, ndipo magalagadeya akupsa ali m'gulu la zipatso zotulutsa ethylene wochuluka zedi. Ku Philippines alimi amavundika nthochi ndi masamba aawisi a gliricidia, mtengo womwe uja ambiri kuno anadzala m'minda wobwezeretsa chonde, chifukwa masamba ake akathyoledwa amatulutsa mpweya womwewu.

Ndalama: Pafupifupi palibe.

Kupezeka: Paliponse, nyengo iliyonse.

Chisamaliro: Apa ndi pamene anthu amasiyana. Choyamba, vundikani pamalo ozizira. Katoni ya tomato m'nyumba ya malata masana a Okutobala ikupatsani tomato wofewa wachikasu. Yomweyo pansi pa denga la udzu, pasimenti yozizira, ikupatsani wofiira. Amene ali ndi katundu wa sabata ndi sabata angamange kachipinda ka makala: makoma a waya odzazidwa makala, onyowetsedwa ndi madzi, mphepo ikamadutsa m'kati mumazizira. Kamagwira bwino ntchito miyezi youma, m'dzinja mpweya ukanyowa mphamvu yake imachepa. Chachiwiri, vundukulani kamodzi patsiku. Chipatso chikamapsa chimapuma kwambiri n'kutulutsa carbon dioxide, amene akachuluka amatsekereza ethylene kugwira ntchito. Chachitatu, sankhulani: zokhwima mofanana pamodzi, zovulala kunja. Mango muyambe mwawasiya chozondoka kuti utomoni utsike, apo ayi umawotcha khungu n'kusiya mizere yakuda.

Zoopsa: Kupsa kosiyana, zina lero zina mkuja, zimene zimavuta ngati mwalonjeza tsiku. Thumba la pulasitiki lomanga pakamwa ndi msampha, chifukwa thukuta limadzaza, nkhungu imamera ndipo zipatso zimayamba kununkha mowa. Musathamangirenso ku firiji: nthochi ndi tomato wobiriwira akakhala pansi pa madigiri 12 kapena 13 amavulala, nthochi zimachita imvi ndipo tomato amataya kukoma.

3. Kufukiza

Mikoko ya nthochi imaikidwa m'dzenje loyalidwa masamba kapena m'kachipinda kotseka, n'kulowetsamo utsi wa masamba ouma kapena mankhusu. Ku Uganda ndi kumpoto kwa Tanzania ndi momwe amapsetsera nthochi zofululira mowa. Mu utsi muli ethylene pang'ono. Alimi a mandimu ku California ankayatsa mbaula za parafini m'nyumba zosungiramo akuganiza kuti ndi kutentha kumene kumasintha khungu, mpaka mu 1924 pamene Frank Denny anasonyeza kuti unali ethylene wa mu utsiwo.

Ndalama: Khasu, nkhuni ndi tsiku la ntchito.

Kupezeka: Kumudzi n'kosavuta. M'tauni a neba sangakusekerereni.

Chisamaliro: Moto umafuna woulonda. Utsi ulowe wozizira, kudzera mu kangalande kapena paipi, osati malawi pafupi ndi nthochi. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri zitulutseni zikamalizire pamthunzi.

Zoopsa: Njira iyi imadzitsutsa yokha. Utsi umabwera ndi kutentha, ndipo kutentha ndi kumene kumaletsa kabuthu kukhala wachikasu. Zotsatira zake kawirikawiri ndi nthochi zofewa kwambiri, za mtundu wothimbirira, zonunkha utsi, zosachedwa kuwola. Ngati mukufulula kapena kuphika zitumbuwa zilibe kanthu. Ngati mukupita nazo kumsika wa m'tauni, mwataya masiku ogulitsira. Ndipo munthu asalowe m'chipinda chofukizira chisanapite mphepo, chifukwa utsi wa pamalo otseka uli ndi carbon monoxide amene amapha mwakachetechete.

4. Ethephon

Awa ndi mankhwala amadzi, odziwika kwambiri ndi dzina la Ethrel. Ali ndi asidi, ndipo akakumana ndi madzi a m'chomera amene asidi wake ndi wochepa amasweka n'kutulutsa ethylene weniweni. Alimi a zinanazi m'maiko ambiri amawagwiritsa ntchito kuti munda wonse uchite maluwa nthawi imodzi, ndipo a tomato wa kufakitale amapopera kuti akolole kamodzi.

Pali njira ziwiri zowagwiritsira ntchito pa zipatso zothyola, ndipo sizofanana. Yoyamba ndi kuviika kapena kupopera, imene imasiya mankhwala pakhungu. Yachiwiri, imene amalimbikitsa ku India ndi Sri Lanka, ndi kuika mankhwala osungunula m'kabeseni m'kati mwa tenti ya pulasitiki yotseka, n'kuthiramo caustic soda pang'ono. Mpweya umatuluka n'kuzungulira makreti popanda dontho kugwera pa chipatso. Pakatha tsiku mumatsegula. Ngati mwasankha ethephon, sankhani yachiwiriyi.

Ndalama: Botolo silotchipa pogula, koma amalowa ochepa kwambiri, moti pa kreti iliyonse ndalama yake ndi yaing'ono. Onjezani pepala la pulasitiki, magolovesi ndi sirinji yoyezera.

Kupezeka: M'masitolo akuluakulu a zaulimi m'mizinda, osati nthawi zonse. Ku Malawi mankhwala a ulimi amayenera kukhala olembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndiye funsani zimenezo ndipo werengani ngati lebulo ikutchula mbewu yanu. Mankhwala othiridwa m'kabotolo ka chakumwa kopanda lebulo asiyeni, simungadziwe mphamvu yake.

Chisamaliro: Muyezo wa palebulo, osati wa m'maso. Madzi osungunulira agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Botolo likhale kutali ndi ana ndi chakudya.

Zoopsa: Ethephon ndi caustic soda zonse zimawotcha khungu ndi maso. Kuchulukitsa muyezo kumafewetsa chipatso mtundu usanafike ndipo kumasiya zotsalira zimene ogula akunja amayeza. Chachikulu, ethephon sathetsa vuto la kutentha. Pa madigiri 33 tomato wanu adzakhalabe wachikasu.

5. Kabaidi

Calcium carbide ndi miyala yotuwa ija owotcherera zitsulo amaviika m'madzi kuti apeze gasi. Ikanyowa imatulutsa acetylene, mpweya umene chipatso chimaumva ngati ethylene koma mofooka kwambiri, moti umafunika wochuluka zedi. Ndaiika pano chifukwa anthu amaitchula, osati chifukwa ndi njira yoti musankhe.

Ndalama: Yotsika, ndipo ndi chifukwa chokhacho imakopera anthu.

Kupezeka: Kumene amagulitsa zipangizo za owotcherera. Sinapangidwe kuti iyandikire chakudya.

Chisamaliro: Imafuna malo ouma kotheratu, chifukwa ngakhale chinyezi cha mumpweya chimaiyambitsa.

Zoopsa: Kabaidi wa kumafakitale amakhala ndi zitsotso za arsenic ndi phosphorus, zimene zikanyowa zimatulutsa arsine ndi phosphine, mipweya yapoizoni. Kafungo ka adyo kamene kamamveka kamachokera ku zitsotso zoterezi. Woyamba kuvulala ndi wovundukula katunduyo: mutu, chizungulire, maso kuwawa, ndi fumbi lake kuwotcha manja a thukuta. Acetylene amayaka msanga ndipo pamalo otseka amaphulika ndi ndudu imodzi. India inaletsa kupsetsera zipatso ndi kabaidi m'malamulo ake a chakudya a 2011, ndipo pambuyo pake inaloleza ethylene mpaka magawo 100 pa miliyoni m'malo mwake. Palinso vuto la malonda. Kabaidi amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zipatso zothyoledwa zanthete pofuna kuyambirira msika, ndipo zimatuluka zachikasu kunja, m'kati zowawasa zokhala ngati mbatata yaiwisi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kasitomala amagula kamodzi, sabata yamawa amapita pa benchi ina. Kwa ogula, khungu lachikasu lokhala ndi phesi lobiriwira likhoza kukukayikitsani, koma si umboni, chifukwa nthochi za m'chipinda chopsetsera nazo zimaoneka choncho.

6. Chipinda chopsetsera

Umu ndi momwe nthochi za m'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg kapena London zimakhalira zachikasu chofanana. Chipinda chimakhala chotseka bwino, chozizira pa madigiri 15 mpaka 20, chinyezi cha 90 mpaka 95 peresenti. Amalowetsa ethylene wa magawo 100 mpaka 150 pa miliyoni kwa maola 24, kuchokera mu silinda kapena m'kamakina kosintha ethanol kukhala ethylene, kenako amatsegula kuti carbon dioxide atuluke. Potembenuza kutentha pang'ono, woyendetsa amasankha ngati nthochi zikhale zokonzeka pa masiku anayi kapena asanu ndi atatu. Mango amafuna madigiri 20 mpaka 22. Malalanje ongofuna kuchotsa kubiriwira amafuna ethylene wochepa kwambiri, magawo 1 mpaka 5 pa miliyoni.

Onani kuti chimene mukugula m'chipinda chotere si mpweya kwenikweni, mpweyawo ndi womwe uja wa m'dengu la agogo. Mukugula kuzizira ndi kudziwa tsiku.

Ndalama: Zambiri. Makoma osalola kutentha, makina oziziritsa, mafani, makreti a pulasitiki, ndi jenereta kapena sola.

Kupezeka: Zipangizo zambiri ndi zoitanitsa kunja, pamodzi ndi mavuto a ndalama zakunja amene amabwera nazo. Kontena yakale yoziziritsa ikhoza kusinthidwa kukhala chipinda.

Chisamaliro: Munthu wodziwa kuwerenga thermometer yolowetsa m'chipatso, kutsuka chipinda pakati pa katundu ndi katundu, ndi mmisiri wa mafiriji amene angabwere tsiku lomwelo.

Zoopsa: Magetsi akazima pakati pa kupsa, nthochi zimatulutsa kutentha kwawo zokha ndipo chipinda chotseka chimatentha m'maola ochepa, katundu yense n'kufewa nthawi imodzi. Ethylene amayaka akafika pa 2.7 peresenti ya mpweya. Muyezo wopsetsera uli kutali kwambiri ndi pamenepo, koma silinda yochucha ikhoza kufikapo.

Ndiye musankhe iti

Mlimi wa tomato ku Ntcheu, Dedza kapena Mzimba wogulitsa pa Lizulu, Bembeke kapena Jenda miyezi yozizira sakusowa mankhwala alionse. Thyolani tomato atangoyamba kusintha mtundu kumunsi. Pofika pamenepo ethylene wayamba kale, tomato apirira msewu ndipo afiira m'kreti. Wothyola atafiira kale ndi wa msika wa pafupi basi.

Mlimi wa kuchigwa kapena kunyanja mu Okutobala, vuto lanu si ethylene, ndi dzuwa. Siyani masamba pa tomato, thyolani m'mamawa atangoyamba kusintha, mukamalizitse pamalo ozizira kwambiri amene muli nawo. Ndalama imene mukanagulira botolo la mankhwala igule waya ndi makala.

Venda wa nthochi wa mikoko yochepa pa sabata avundike, agawe katundu pawiri kapena patatu, gulu loyamba aikemo zakupsa zambiri, lomaliza asaikemo konse, kuti zisapse tsiku limodzi. Kuyambira pamene matenda a chisaka anawononga nthochi za ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, nthochi zambiri zimabwera pa malole kuchokera ku Tanzania ndi Mozambique zidakali zaziwisi. Wolandira lole yathunthu dengu silingamukwanire. Kwa iye tenti ya pulasitiki ndi ethephon wa m'kabeseni, pamthunzi wozizira, ndi njira yapakati. Chipinda chopsetsera chimabweza ndalama pokhapokha pali gulu la alimi kapena wamalonda amene ali ndi mgwirizano ndi masitolo kapena mahotela ofuna mtundu wofanana sabata iliyonse.

Wa mango a Tommy Atkins kapena Kent wofuna tsaya lofiira, ntchito yake ndi ya sowo chaka chatha, osati ya sabata yokolola. Wa mango akumudzi amene sakhala ndi tsaya lofiira angodikira akhwime n'kuvundika masiku ochepa. Wa Keitt adule amodzi alawitse ogula.

Manachesi a ku Mwanza amakhwima nthawi yozizira ndipo usiku wa Juni ndi Julayi umathandiza kuwasintha okha. Amene athyola msanga kuti ayambirire msika, ethylene awasinthira khungu koma adzawawasabe. Chimodzimodzi zinanazi za ku Mulanje ndi sitiroberi za pa phiri la Zomba: zithyoledwe zitakoma kale, ndipo nzeru zipite pa kuzifikitsa kumsika msanga osaphwanyika.

Mapeyala a pakhomo, thyolani okhwima ochepa ochepa, ikani m'pepala kapena m'katoni pamodzi ndi nthochi yakupsa, otsalawo asiyeni mumtengo mpaka mudzawafune.